MINDA YA PANSI PA NYANJA IKUFOTA

Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera m'minda cisanabereke. Patangopita masiku 46, pa 15 Epulo, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, lochedwa NOAA, linalengeza za tsoka lina limene mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke sakanaliona ndi maso, ngakhale kuti linaphuka pa muzu umodzi ndi cirala cija. Bungwelo linati makorali, amene ali ngati minda ndi midzi ya nsomba pansi pa nyanja ya mcere, anali kuyera ndi kufa m'nyanja zazikulu zitatu za Pacific, Atlantic ndi Indian Ocean.

Aka kanali kacinayi kuti mliri wotere ugwe pa dziko lonse nthawi imodzi. Unayamba kuoneka mu 1998, unabweranso mu 2010, kenaka unakhalitsa kuyambira 2014 kufikira 2017. Ulendo woyamba kutentha koopsa kunafika pa magawo 21 mwa magawo 100 alionse a matanthwe a makorali a pa dziko. Ulendo waciwiri anali magawo 37, wacitatu 68, ndipo pofika mu 2025 ciwerengero ca ulendo wacinayi cinali citakwana 84. Pa maulendo onsewa panali nyengo ija akatswiri amaicha El Niño, pamene madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific amatentha kuposa masiku onse ndi kusokoneza mphepo ndi mvula m'maiko akutali. El Niño yemweyo ndiye kawiri kawiri amamana mvula maiko a kum'mwera kwa Africa. Iye ndi mlendo wakale, koma masiku ano amapeza nyanja iri yofunda kale cifukwa ca utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene wacuruka mumlengalenga.

Zambia alibe gombe la nyanja ya mcere, ndipo anthu ambiri a m'midzi adzakalamba osaona korali. Komabe njanji ya TAZARA ndi mipope ya mafuta ya TAZAMA zimakathera ku Dar es Salaam, ndipo kungocoka pa doko la mzindawo ndi bwato, munthu amayamba kuyandama pamwamba pa matanthwe amenewa. Amatsata gombe la Mozambique, Tanzania ndi Kenya, nazunguliranso zisumbu za Zanzibar, Mafia, Comoros, Madagascar ndi Seychelles. Aswahili amawacha matumbawe.

KORALI NDI NYAMA

Woona korali koyamba amayesa ndi mwala, kapena citsamba comera m'madzi. Koma ndi nyama. Ndi kacirombo kofewa, nthawi zambiri kosaposa njere ya mapira, kokhala ndi kamwa pakati ndi timanja tozungulira kamwako. Kamatenga laimu wosungunuka m'madzi a mcere ndi kudzimangira kacikho kolimba kokhalamo. Tizirombo zikwi zambiri timamanga mogundana, ndipo tatsopano timamanga pamwamba pa nyumba za takale. Amene anaonapo culu adzamvetsa msanga nkhaniyi. Ciswe cimodzi si kanthu, koma culu cimatha kupitirira denga la nyumba. Momwemonso tizirombo ta korali, pa zaka zikwi zambiri, tamanga matanthwe otalika makilomita mazana. Nyumba zakale za mu Stone Town ku Zanzibar ndi mzikiti waukulu wa ku Kilwa zinamangidwa ndi miyala ya korali.

Mitundu yake ndi yambiri. Ena ali ndi nthambi zonga nyanga za mbawala, ena ndi athyathyathya ngati thebulo, ena ndi obulungira ngati dzungu lalikulu. A nthambi amakula msanga, mwina masentimita 10 pa caka, koma ndiwo amene amayamba kufa madzi akatentha. Obulungira ndi opirira, koma amangowonjezera pafupifupi sentimita imodzi pa caka, kotero kuti korali wobulungira wolingana ndi munthu msinkhu angakhale ndi zaka zoposa 150.

Cinsinsi ca moyo wa korali ciri m'thupi mwake. Mlimi akazula nsawa kapena nyemba amaona timibulu tating'ono pa mizu, ndipo alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti m'timibulu timenemo mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene timapatsa mbewuyo cakudya, mbewu nkutipatsa malo okhala. Ubale wa korali ndi ndere zina zazing'ono kwambiri ndi wotero. Nderezo zimakhala m'mnofu wa korali, zimapanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga acitira masamba a cimanga, ndipo gawo lalikulu la cakudyaco zimapatsa mwini nyumba. Mitundu ina ya makorali imapeza kwa nderezi magawo ofika 90 mwa 100 a cakudya cake. Ndico cifukwa cake makorali omanga matanthwe amakonda madzi osaya ndi oyera kumene dzuwa limafika. Ngakhale maonekedwe ake ofiirira kapena obiriwira ndi a ndere zomwezo.

Ubale umenewu ndi wosacedwa kutha. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amakhalira m'mwezi wotentha kwambiri wa caka, nakhala comweco masabata angapo, ndere zimayamba kuturutsa zinthu zobvulaza korali, ndipo korali amazilabvula. Mnofu wake umatsala woonekera ngati galasi, ndipo cimene cimaoneka ndi laimu woyera wa mkati. Apa ndipo amati makorali ayera. Korali woyera sanafe ai, koma ali ndi njala. Madzi akazizira msanga ndere zimabwerera, iye nkucira, ngakhale kuti amakhala wofooka ndi wosabereka bwino kwa nthawi. Kutentha kukapitirira amafa, ndipo m'masabata owerengeka ndere zina zoterera ndi udzu wa m'nyanja zimamukuta. Pambuyo pake nthambi zija zimathyoka ndi mafunde, pamalopo nkutsala mulu wa zibenthu.

Matanthwe amenewa sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iriyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira iwo. M'mapanga ake ndimo nsomba zimaswana ndi kubisala. Msodzi wa bwato laling'ono sangathe kupita kutali kumene zimapita sitima zikuluzikulu, motero ndiwo za banja lake ndi ndalama za sukulu ya ana ake zimacokera pa matanthwe a pafupi ndi gombe. Matanthwewo ndi mpandanso wa midzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti amaphwanya mphamvu ya mafunde ndi magawo 97 mwa 100 mafundewo asanafike kumtunda.

CAKA CA 1998

Ku gombe la kum'mawa kwa Africa madzi amatentha kwambiri m'miyezi ya Malici ndi Epulo. Mu 1998 anatentha mosaneneka. Ku Kenya malo ambiri anataya theka la makorali ake kapena kuposa, ndipo m'zisumbu za pakati za Seychelles munafa makorali oposa magawo 90 mwa 100. Cimene cinasautsa akatswiri ncakuti m'malo ambiri munalibe anthu amene anali atawerengapo makorali tsokalo lisanagwe, kotero kuti kunali kobvuta kunena kukula kwa citayiko. Munthu sangadziwe kuti nkhokwe yatsika motani ngati sanaone pamene cimanga cinalekeza poyamba. Caka cotsatira, mu 1999, kunakhazikitsidwa bungwe la CORDIO kuti lizitsata umoyo wa makorali a mu Indian Ocean. Nthambi yake ya kum'mawa kwa Africa iri ku Mombasa, ndipo mmodzi wa oiyambitsa ndi katswiri wa ku Kenya, a David Obura, amene mu 2023 anasankhidwa kukhala wapampando wa IPBES, bungwe la maiko loona za zamoyo za m'cirengedwe.

MMENE AMAWERENGERA

Nchito ya kuwerenga makorali siisiyana kwenikweni ndi ya alangizi amene amayendera minda caka ndi caka kuti Boma lidziwe zokolola zimene zikubwera. Kusiyana kwake nkwakuti munda uwu uli pansi pa madzi, ndipo wouyendera amabereka botolo la mpweya kumsana. Akatsika amayala tepi yoyezera, kawiri kawiri ya mamita 50, motsata thanthwe. Kenaka amasambira pang'ono pang'ono pamwamba pa tepiyo, nalemba cinthu ciriconse cimene ciri pansi pake: pano korali wamoyo wa mtundu wakuti, pano korali woyera, pano wakufa, pano udzu, pano mcenga. Amalemba ndi pensulo pa kathabwa ka pulasitiki, pakuti pensulo imalemba ngakhale m'madzi. Masiku ano ambiri amajambula zithunzi motsata tepiyo, ndipo kumtunda kompyuta imawathandiza kuzisanthula. Pa mapeto pake pamaturuka nambala imodzi yofunika koposa zonse, ndiyo ya magawo a thanthwe amene akutidwa ndi korali wamoyo. Thanthwe la magawo 40 mwa 100 liri bwino ndithu. La magawo osakwana 10 liri pa mabvuto.

Mnzake amatsata tepi yomweyo akuwerenga nsomba zonse zimene ziri m'kanjira ka mamita asanu m'lifupi, nayerekeza utali wa iriyonse ndi maso, kuti pambuyo pake awerengere kulemera kwa nsomba za pa hekitala imodzi. Iyi ndi nchito yofuna cizolowezi, popeza nsomba siiima kudikira woiwerenga. Wacitatu amafunafuna tiana ta makorali tosaposa kandalama kacitsulo. Tiana timeneti ndito timaonetsa ngati thanthwe liri ndi tsogolo, monga mmene mwini khola amayang'anira ana a ng'ombe osati nkhunzi zokha. Asanacoke amamangirira pa thanthwe kacipangizo kolemba kutentha kwa madzi usana ndi usiku, kamene adzakatenga ulendo wotsatira.

Lamulo lalikulu la nchitoyi ndi kubwerera pa malo omwewo, nyengo yomweyo, ndi kuyeza mwa njira yomweyo caka ndi caka. Kuyeza kamodzi kokha kuli ndi phindu locepa. Apa ndipo pagona bvuto la maiko osauka, cifukwa bwato, mafuta ndi mabotolo a mpweya zimadya ndalama, ndipo opereka thandizo amakonda nchito yatsopano ya zaka ziwiri kapena zitatu kuposa nchito yakale yobwerezabwereza imene phindu lake lidzaoneka patapita zaka 20. Pofuna kucepetsa bvutoli, mabungwe ena anakonza njira zosabvuta zoti anthu wamba azithandiza. Bungwe la Reef Check, limene linayamba mu 1996, limaphunzitsa anthu odzipereka kuwerenga mitundu yowerengeka ya nsomba ndi makorali. Ku yunivesite ya Queensland mu 2002 anakonza kakhadi ka mitundu, koyambira poyera mpaka pakuda, kamene msodzi kapena mwana wa sukulu amakayandikiza pa korali ndi kulemba nambala ya mtundu wofanana naye.

Palinso maso a kumwamba. Kuyambira caka ca 2000 NOAA iri ndi nthambi yochedwa Coral Reef Watch, imene imagwiritsa nchito masetilaiti kuyeza kutentha kwa madzi a pamwamba pa nyanja. Tsiku liri lonse amaturutsa mapu a dziko lonse ogawidwa m'timabwalo ta makilomita asanu. Kawerengedwe kake kamaphatikiza kukula kwa kutentha ndi kutalika kwa nthawi, poyang'ana masabata 12 apitawo. Madzi akapitirira malire ndi digiri imodzi kwa masabata anayi, nambala yake ndi 4. Akapitirira ndi madigiri awiri kwa masabata awiri, nambala yake ndi 4 yomweyo. Pa 4 makorali amayamba kuyera. Pa 8 amayera kwambiri ndipo osalimba amayamba kufa. Setilaiti siiona korali, imangoona kutentha, motero mapuwo amangouza osambira kumene ayenera kuthamangira. Cotsimikiza cimacokerabe kwa munthu wa tepi ndi pensulo uja.

ENA ACIRA, ENA AI

Phindu la kubwerera pa malo amodzimodzi linaoneka bwino ku Seychelles. Mwamwayi, matanthwe 21 a kumeneko anali atayezedwa mu 1994, tsoka lisanagwe. Akatswiri otsogozedwa ndi a Nicholas Graham anapitiriza kuwayendera mpaka 2011, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 2015. Mwa matanthwe 21 aja, 12 anali kucira, makorali atayambanso kuwakuta. Otsala 9 anali atasanduka chire la udzu wa m'nyanja, ndipo makorali analephera kubwereramo. Onse anakanthidwa ndi kutentha kumodzi, nanga anasiyana pati? Amene anacira anali a m'madzi akuyako, opitirira mamita asanu ndi limodzi, okhala ndi mapanga ndi mikwingwirima yambiri, okhala ndi tiana ta makorali tambiri ndiponso nsomba zodya udzu, m'madzi osaipitsidwa ndi zonyansa za kumtunda. Nsomba zodya udzu, monga zija za milomo yonga ya cinkhwe zimene Aswahili amazicha pono, ndizo zimapalira mundawu. Popanda izo udzu umapambana, monga umapambanira m'munda wa munthu wodwala m'mwezi wa Januwale. Cacisoni ncakuti mu 2016 kutentha kunabweranso, ndipo makorali ambiri amene anali atacira anafanso.

Ku Kenya, kumene malo otetezedwa a m'nyanja a Malindi ndi Watamu anakhazikitsidwa mu 1968, a Tim McClanahan a bungwe la Wildlife Conservation Society akhala akuyerekeza matanthwe otetezedwa ndi osatetezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Iwo anapeza kuti kumene asodzi atha nsomba, kumacuruka tinyama tina taminga tonga kanungu, timene timakukuta thanthwe mpaka kulifumbutsa. Mdani wamkulu wa tinyamati ndi nsomba ina ya mano olimba, ndipo nsombayo ikagwidwa yonse tinyamato timaswana popanda cotiletsa. Anapezanso kuti malo akatsekedwa, nsomba zimatenga zaka 20 kapena kuposa kuti zibwerere mwakale. Ku Malindi kuli bvuto linanso locokera kumtunda. Mtsinje wa Sabaki umatsanulira m'nyanja dothi lokokoloka m'minda ya kutali, ndipo matope amenewo amadetsa madzi ndi kukwirira makorali. Nthaka imene mlimi wataya kumtunda imakasautsa msodzi amene sadzaonana naye.

Asodzi ena sanadikire Boma. Ku Kuruwitu, kumpoto kwa Mombasa, anthu a m'mudzi ataona kuti nsomba zikutha anapanga bungwe lawo mu 2003, ndipo patapita zaka zowerengeka anapatula mahekitala 30 a nyanja kuti pasagwidwe nsomba. Malo otere amawacha tengefu, kutanthauza copatulidwa. Nsomba zinacuruka m'malo opatulidwawo ndi kuyamba kusefukira kunja kumene kusodza nkololedwa, ndipo midzi ina ya m'gombe la Kenya inatengerapo citsanzo. Mu 2017 bungwelo linalandira mphoto ya United Nations yochedwa Equator Prize. Asodzi a ku Luangwa, Kafue kapena Bangweulu sangadabwe ndi nzeru imeneyi, pakuti muno m'Zambia kusodza kumaletsedwa m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Tengefu sangaziziritse nyanja. Cimene angacite ndi kusunga nsomba zopalira, kuti thanthwe likakanthidwa likhale ndi mwayi wa kucira.

Mdani wina anadziwika ndi makutu. Kwa zaka zambiri asodzi ena a ku Tanzania anali kuponya mabomba m'madzi, ngakhale kuti lamulo limaletsa. Bomba limodzi limapha nsomba zonse zazikulu ndi zazing'ono zimene ziri pafupi, ndi kuswa korali amene anatenga zaka makumi ambiri kuti akule. Mu 2015 akatswiri amene anali kufufuza anamgumi m'gombe la dzikolo ndi cipangizo comvera phokoso la pansi pa madzi anadabwa kumva kuphulika kosalekeza. M'mwezi umodzi wokha anajambula kuphulika koposa 300, kocuruka kwake kufupi ndi Dar es Salaam. Umboni wotere ndi wobvuta kuukana. M'zaka zotsatira Boma la Tanzania linakhwimitsa dzanja, ndipo pofika 2018 mcitidwewo unali utacepa kwambiri.

KAUNDULA WA KU AUSTRALIA

Limodzi la makaundula akale ndi odalirika koposa ndi la Great Barrier Reef ku Australia, mndandanda wa matanthwe pafupifupi 2,900 otalika makilomita 2,300, kuposa njanji yonse ya TAZARA imene ndi makilomita 1,860. Bungwe la boma lochedwa AIMS, la kufupi ndi mzinda wa Townsville, lakhala likuyeza matanthwewa kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980. Popeza malowo ndi aakulu zedi, iwo ali ndi njira yacangu. Munthu amagwira thabwa lomangidwa ku cingwe, ndipo kabwato ka injini kamamukoka pang'ono pang'ono kuzungulira thanthwe, iye akuyang'ana pansi. Pakatha mphindi ziwiri kabwato kamaima, iye nkulemba zimene waona, kenaka nkupitiriza mpaka thanthwe lonse litazunguliridwa. Amawerenganso cirombo cina cooneka ngati nyenyezi, ca manja ambiri ndi minga yaululu, cimene cimadya makorali ndipo nthawi zina cimagwa cambiri ngati dzombe. Osambira amacipha pocibaya jekeseni ya vinyo wosasa kapena ya ndulu ya ng'ombe, cimodzi cimodzi.

Kaundula ameneyu anaonetsa mu 2012 kuti pa zaka 27 makorali anatsika kucoka pa magawo 28 kufika pa magawo osakwana 14. Pa nthawiyo anamondwe ndi cirombo ca minga cija ndizo zinali zitawononga kwambiri, ndipo kutentha kunali ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a citayikoco. Zinthu zinatembenuka mu 2016. A Terry Hughes a ku yunivesite ya James Cook ndi anzawo anauluka ndi ndege pamwamba pa matanthwe 911, napeza kuti 93 mwa 100 alionse anali atayera. Caka cimeneco pafupifupi magawo 30 mwa 100 a makorali a m'madzi osaya anafa. Kuyera kunabweranso mu 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Komabe mu 2022 AIMS inalengeza nkhani yodabwitsa, yakuti kumpoto ndi pakati makorali anali atacuruka kuposa nthawi ina iriyonse pa zaka 36 za kuwerenga. Ena anaomba m'manja nati akatswiri anali kungoopseza anthu. Koma amene anacuruka anali makorali a nthambi aja, omera msanga ndi kufa msanga. Lipoti la mu Ogasiti 2025 linaonetsa kuti kumpoto anatsika kucoka pa magawo pafupifupi 40 kufika pa 30, ndipo kum'mwera kucoka pa 39 kufika pa 27, kutsika kwakukulu kwa caka cimodzi kumene sikunaonekepo m'zigawozo ciyambire kuwerenga.

Nambala imodzi ingathe kunyenga munthu. Malo amene mitengo ya mibawa ndi milombwa inadulidwa akhoza kubiriwiranso ndi zitsamba m'zaka zitatu, ndipo woyang'ana ali patali adzati nkhalango yabwerera. Mmisiri wa matabwa sanganene comweco. Ndico cifukwa cake owerenga osamala amalembanso mitundu ya makorali, kukula kwake ndi nsomba zokhalamo. Ngakhale makorali ofulumira amafuna zaka 10 mpaka 15 za mtendere kuti abwerere mwakale, pamene ku Australia kuyera kwakhala kukubwera patangopita caka cimodzi, ziwiri kapena zitatu.

Makorali obulungira aja amasunganso kaundula wawo. Akabooledwa, mkati mwake mumaoneka mizere ya caka ndi caka monga ya pa citsa ca mtengo, ndipo laimu wa mzere uliwonse amasonyeza mmene madzi anatenthera caka cimeneco. Powerenga mizere yotere kubwerera m'mbuyo mpaka 1618, akatswiri a ku Australia analengeza mu 2024 kuti madzi a kumeneko m'miyezi ya Januwale mpaka Malici caka cimeneco anatentha kuposa nthawi ina iriyonse pa zaka 400.

ZA DZIKO LONSE

Zowerenga za m'maiko osiyanasiyana zimasonkhanitsidwa ndi bungwe la GCRMN. Lipoti lake la mu 2021 linacokera pa malo oposa 12,000 m'maiko 73, ndipo linati pakati pa 2009 ndi 2018 dziko linataya magawo 14 mwa 100 a makorali ake. Awa ndi malo okwana masikweya kilomita 11,700, kapena kuti nyanja ya Kariba kawiri. M'caka comweco ca 2021 a Obura ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa matanthwe a m'maiko khumi a kumadzulo kwa Indian Ocean, napeza kuti onse ali pa ngozi ya kutheratu m'zaka 50. Ku Comoros, ku Mauritius ndi mbali zina za Madagascar coopsa cacikulu ndi kutentha kwa madzi. Ku gombe la kumtunda, kucokera ku South Africa mpaka ku malire a Kenya ndi Somalia, coopsa cacikulu ndi kugwira mopitirira nsomba zazikulu zimene zimadya zinzake. Kusiyana kumeneku nkofunika, cifukwa bvuto laciwirili mafumu, asodzi ndi maboma a m'deralo angathe kulicepetsa okha, pamene loyambalo gwero lake lalikulu liri ku mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera.

Nyanja imamwa pafupifupi magawo 90 mwa 100 a kutentha kowonjezereka kwa dziko. Imamwanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya woipa wa kaboni umene anthu amaturutsa, ndipo mpweyawo umawawasitsa madzi pang'ono pang'ono, zimene zimacititsa kuti korali azibvutika kupanga laimu. Bungwe la akatswiri a zanyengo la United Nations, IPCC, linacenjeza mu 2018 kuti dziko likatentha ndi madigiri 1.5 kuposa mmene linaliri mafakitale asanacuruke, makorali adzacepa ndi magawo 70 mpaka 90 mwa 100, ndipo likafika pa madigiri 2 adzatsala osakwana gawo limodzi. Caka ca 2024 cinali coyamba kupitirira madigiri 1.5 caka conse cathunthu, ngakhale kuti malire amene maiko anagwirizana amayezedwa pa zaka zambiri osati caka cimodzi.

Kufikira 2023 macenjezo a Coral Reef Watch anali ndi makwerero awiri okha, ndipo lapamwamba linali kuyambira pa nambala 8 ija. M'mwezi wa Julayi caka cimeneco, cipangizo ca m'madzi osaya a Manatee Bay ku Florida cinayeza madigiri 38.4, kutentha koposa kwa thupi la munthu, ndipo m'matanthwe a m'deralo nambala zinapitirira 8 kutali kwambiri. Mu Disembala 2023 NOAA inawonjezera makwerero ena atatu, oyambira pa 12, pa 16 ndi pa 20. Khwerero lacisanu, la nambala 20, limatanthauza kuti makorali oposa 80 mwa 100 alionse a pamalopo angathe kufa.